Phazi Lotsala m'Munda

Kuchokera padoko la Beira mpaka ku Lubumbashi, palibe katundu amene Castigo Juliasse anamusenza n'kumugwetsa panjira. Ankanena yekha zimenezi, ndipo ankazinena mokweza kuti ngakhale ogontha a pamsika wa Zóbuè amve. Ananyamulapo simenti, mchere, kapenta wa ku Cahora Bassa, magalasi a mawindo a tchalitchi amene anafika onse amphumphu, ngakhalenso ng'ombe yamkaka ya mlimi wina wa ku Mutare, imene inatsika ikubzikula ngati yagona m'khola la kwawo. Munthuyu anayamba ndi kugulitsa mchere pa supuni kumsasa wa othawa nkhondo ku Mwanza. Mchere unabala njinga, njinga inabala chiphaso choyendetsera galimoto, ndipo pofika chaka cha 1995 anali ndi makamyao awiri, malole akuluakulu olembedwa dzina lake pazitseko ndi utoto wachikasu.

"Ine dziko lino ndalipondaponda ngati mphasa," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Ku Joni amandipatsa mpando. Ku Dar es Salaam amandiitana ndi dzina. Tchulani chinthu chilichonse, mkucha muchipeza pakhonde panu."

Panali munthu mmodzi amene akamva zimenezi ankangomwetulira n'kupitiriza kusenda chinangwa chake. Ameneyu anali Anselmo, mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake wamkulu Laurentina. Anselmo ankadziwa kulemera kwa Castigo, pakuti anamusenzapo. M'chaka cha 1986, tsiku limene nkhondo inalowa m'mudzi mwawo kuseri kwa phiri la Zóbuè, chipolopolo chinaboola ntchafu ya Castigo, ndipo anthu ankangomudumpha pothawa. Anselmo anabwerera. Anamubereka kumsana ngati khanda, nayenda naye m'tchire mpaka kutsidya kwa malire. Mtendere utabwera, Castigo anakayeza mtundawo ndi njinga yamoto: makilomita khumi ndi imodzi. Kuyambira tsiku limenelo nambalayo inamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Anabweretsa malata, anabweretsa wailesi, anabweretsa njinga yakapalasa yokhala ndi belu.

"Zikomo, alamu," ankatero Anselmo polandira. "Koma musamati mukubweza. Msana salipira ndi malata."

Njingayo anaikwera miyezi isanu yokha. Akuswa mphanje m'munda wa malemu bambo ake, anaponda mina, bomba lija lokwirira limene nkhondo inaiwala kutenga popita. Anakwawa yekha mpaka kumsewu. Kuchipatala anadula mwendo wakumanzere pansi pa bondo, ndipo anthu ochotsa mabomba anadzazungulitsa mundawo ndi miyala yopaka utoto wofiira, nanena kuti adzabwera akamaliza misewu, zitsime ndi masukulu.

Chilonda chinapola bwino, khungu n'kusalala ngati la mwana. Koma phazi limene kunalibe linakana kufa. Linkayaka. Anselmo ankamva zala zake zisanu zitapindikira mkati, zikukanika kuwongoka, ndipo pansi pa phazipo ngati waponda makala. Ankatambasula dzanja kuti alisisite, n'kugwira mpweya.

M'mwezi wa khumi, dzuwa likuswa mtengo, Castigo anafika ndi thumba la mankhwala a ku Joni. Anapeza mlamu wake patsinde pa mango, akukanda fumbi pamalo pamene chidendene chikanakhala.

"Alamu, mavuto atha. Awa ndagula m'sitolo yamagalasi okhaokha, mmene amagula mabwana a migodi. Mbulu umodzi umagonetsa njovu."

"Aja a ku Harare munati amagonetsa mvuu."

"Mvuu ndi kanyama."

Anselmo anaseka, koma kusekako kunadukira panjira. Anatseka maso, analuma mlomo, nadikira kuti motowo udutse. Utadutsa anapukuta thukuta.

"Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo," anatero. "Ine ndinamvera, phazi ndinalisiya. Koma inu alamu, mlomo wanu uli m'maiko asanu ndi awiri."

Laurentina, amene ankapeta nyemba pakhonde, sanaseke nawo. "Bambo a Mariana, muuzeni mlamu wanu zimene mwakhala mukundiuza ine."

Anselmo anayang'ana chakuphiri. "Phazi langa silinaikidwe m'manda. Lili pamtunda m'munda muja, padzuwa. N'chifukwa chake likupsa. Zala zinapindika pamene linagwera, ndipo palibe anaziwongola. Si ine ndekha ndikutero, funsani aliyense m'mudzi muno. Ndikakaliwongola n'kulikwirira pamthunzi, ndipuma."

"M'munda muja mwatsala abale ake a chija chinakulumani."

"Ndikudziwa. Mvula yoyamba ikagwa, nthaka ikafewa, ndilowa."

Sananene mwaukali. Ananena ngati munthu amene akuti mawa apita kuchigayo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Castigo.

"Ndipatseni nthawi," anatero. "Ine Castigo sindinalepherepo kufikitsa katundu. Mankhwala anu alipo penapake padziko lino, ndipo ndiwapeza mvula isanagwe."

Mibulu ya ku Joni inangomuwotcha Anselmo m'mimba, phazi osalikhudza. Pamenepo Castigo anamukweza m'kamyao n'kutsika naye ku Moatize, kumene anamva kuti kuli mayi wina wodziwa za anthu odulidwa miyendo. Anatsika mapiri ozizira nalowa m'ng'anjo ya kuchigwa, mmene njanji inali itamera udzu ndipo mabogi a malasha ankachita dzimbiri pamene nkhondo inawaimitsa.

Mayiyo anali Dona Zulmira, wamfupi, wa imvi m'mbali mwa duku, amene anaona zitsa za miyendo zambiri kuposa malire amene Castigo anadutsa. Anagwiragwira chitsa cha Anselmo ndi zala ziwiri, nafunsa m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chinyungwe.

"Kumapweteka ngati chithupsa, kapena kumayaka?"

"Kumayaka, mayi. Nthawi zina kumang'anima ngati mphezi."

"Simuli nokha, bambo. Ambiri amene anadulidwa amamva choncho. Chimene chimachitika n'chakuti mitsempha..."

"Ku Joni, Dona," analowerera Castigo, "kuli chipatala cha nsanjika khumi ndi ziwiri. Munthu amamulowetsa m'makina wathunthu, n'kumuona mkati monse ngati nsomba yotumbula."

Dona Zulmira anamuyang'ana, anayang'ananso mzere wa anthu umene unafika mpaka pansi pa mtengo panja, nalemba pakapepala. "Mbulu umodzi madzulo aliwonse. Musayembekeze chozizwitsa mawa. Mubwerenso pakatha milungu itatu."

Castigo anakakhazika mlamu wake m'kamyao napita yekha pawindo la mankhwala. Anamupatsa kathumba kapulasitiki kolembedwa kuti amitriptilina, mkati muli timibulu ting'onoting'ono ngati mphodza. Mtengo wake sunafike ngakhale pa botolo la zakumwa. Anatiyang'ana pachikhatho, mtima n'kumuwawa. Moto umene unagonjetsa mibulu ya mabwana a migodi, uzimitsidwe ndi mphodza? Anaganiza kuti mwina alipo aakulu ake a mtundu womwewo, a anthu andalama. Anawoloka mlatho wa Zambezi kulowa mu Tete, Anselmo akusinza pampando, nalowa m'sitolo ina ya mankhwala.

Wogulitsa anawerenga dzinalo, nakweza maso. "Wodwala ndani, bwana?"

"Mlamu wanga."

"Pepani. Awa timapatsa a matenda a maganizo. Aja amangokhala n'kumalira okha, aja nkhondo inawazunguza mutu."

Castigo anamva magazi akukwera kumaso. Ndiye kuti mayi uja, ndi ulemu wake wonse uja, anaona ngati Anselmo wapenga? Anaona ngati ululuwo ndi wongopeka? Anselmo, munthu amene anayenda makilomita khumi ndi imodzi ndi mnzake kumsana, osalakwitsa njira ngakhale kamodzi, amwe mankhwala a amisala? Ndipo mudzi ukamva? Anagula mibulu ikuluikulu yofiira yopha ululu, ndipo kathumba kaja anakaponya m'bokosi la m'kamyao, pansi pa makaseti.

"Ndi omwe alemba adona aja," anamuuza Anselmo atadzuka. "Koma awa ndi amphamvu, a ku Portugal."

Inapita milungu isanu. Castigo anapita ku Beira, anapita ku Blantyre, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi botolo latsopano ndi nkhani yatsopano. Anselmo ankamwa zonse mwaulemu, n'kumaonda. Anasiya kuseka nthabwala za mlamu wake. Ankakhala patsinde pa mango kuyang'ana kumwamba. Anthu onse a ku Zóbuè ankapempha mvula, kupatula Laurentina, amene ankati akaona mtambo mtima unkamugwa.

Kumapeto kwa mwezi wa khumi ndi umodzi, Castigo anali ku Moatize kukweza malasha opita ku Malawi. Anaimika kamyao pafupi ndi nyumba yophikira buledi, ndipo potsika anakumana maso ndi maso ndi Dona Zulmira, atanyamula mikate iwiri m'manja.

"Si inu bambo a chipatala cha nsanjika khumi ndi ziwiri? Mlamu wanu bwanji simunabwere naye?"

"Mlamu wanga si wamisala, Dona."

"Ndani anati ndi wamisala?"

"Mankhwala anu. Ndinakafunsa ku Tete. Ine sindine munthu wonamizidwa, ndayenda."

"Ndiye sanamwe."

"Ndinamugulira abwino."

"Athandiza?"

Castigo anayang'ana matayala a kamyao yake. Dona Zulmira anaika mikate yake pachopondera, nayandikira chitseko chimene chinali chitadetsedwa ndi fumbi la malasha.

"Inu mumadutsa pamalire a Zóbuè kangati pamwezi?"

"Kasanu, kasanu n'kamodzi."

"Chimakuimitsani n'chiyani?"

"Kansela. Chitsulo chija chopingasa msewu."

"Chimadzitsitsa chokha?"

"Alonda ndiwo amatsitsa."

Mayiyo anajambula ndi chala mzere wautali pafumbi, pamwamba pa dzina la Castigo. Kumunsi analemba kaphazi, kumtunda kamutu, pakati n'kudula kamzere kopingasa.

"Lero mundimvere mpaka ndimalize. Ululu ndi katundu. Umanyamuka kuphazi, umakwera ndi mitsempha, umadutsa mumsana n'kukafika kuubongo. Usanafike kumutu, munthu sanamve kanthu. Tsono mumsana umu muli kansela. Ubongo uli ndi alonda ake amene umawatumiza kutsika kuti akatsitse chitsulocho. Mlonda mmodzi wamkulu dzina lake ndi noradrenalina, timadzi timene thupi limapanga lokha. Simunamvepo za munthu amene anawomberedwa n'kuthamanga osamva kanthu, ululu n'kudzamupeza pambuyo pake?"

Dzanja la Castigo linapita lokha pantchafu. Tsiku lija anathamanga mpaka kumtsinje asanadziwe kuti magazi amene ankamunyowetsa anali ake.

"Tsiku lotero alonda amatsika onse," anapitiriza Dona Zulmira. "Kwa mlamu wanu, mitsempha inadulidwa koma sinasiye kutumiza malole. Malolewo amanyamukira pachitsa, koma mapepala ake amalembedwa kuti achokera kuphazi, ndipo mutu umakhulupirira mapepala. Ululuwo ndi weniweni, bambo, si wopeka. Mibulu yanu yofiira imathandiza pamene pali chotupa kapena bala. Apa bala linapola kale. Vuto lili pamsewu. Alonda alipo, koma akangofika pa kansela, mitsempha imawayamwanso msanga kuwabwezera m'nyumba. Kambulu kanga kaja kamatseka khomo lobwererapo. Alonda amakhalitsa panja, chitsulo chimatsika, malole ambiri amaima."

"Nanga za amisala zija?"

"Mankhwala omwewo, tikapereka ochuluka, amathandiza wa matenda a maganizo. N'zoona. Kamyao yanuyi siinanyamulepo maliro?"

"Kawiri."

"Ndiye malasha amene mwakwezawa ndi mitembo?"

Dona Zulmira anapukuta fumbi la kuchala pachitenje chake.

"Ndipo amene nkhondo inawazunguza mutu musamawatchule ngati agalu. Ndi theka la mzere wanga uja." Anatola mikate yake. "Sindikukulonjezani. Ena moto umatsika theka, ena sutsika n'komwe. Kukamwa kumauma, tulo timachuluka, ndipo zimatenga milungu iwiri kapena itatu kuti alonda azolowere. Koma milungu isanu mwamubera munthu."

Akunena choncho, basi yaing'ono yochokera ku Zóbuè inaima kutsidya kwa msewu. Castigo anaona matayala ake. Anali ndi matope ofiira, aawisi. Mvula yoyamba inali itagwa kumudzi.

Anasiya malasha theka lili pansi. Msewu wa makilomita zana, wa maenje ngati chisa cha njuchi, anaudya osaima, kathumba kaja kali m'thumba la malaya. Dzuwa litangopendeka anafika kumudzi. Pakhomo panalibe munthu. Patsinde pa mango panali mpando wokha.

Anawapeza kumunda. Anthu ngati khumi anaima chete kunja kwa miyala yofiira, Laurentina ali patsogolo, manja ali kumutu. Pakati pa munda, m'udzu umene unali utangoyamba kuphuka, Anselmo anakhala pansi m'mphepete mwa dzenje limene bomba lija linasiya. Imodzi mwa ndodo zake zoyendera inali itazika m'matope n'kuthyoka pakati.

"Ndinangopita kuchitsime," anatero Laurentina osatembenuka. "Kuchitsime kokha."

Bambo wina anati atuma munthu kukaitana ochotsa mabomba, koma ali kutali, mwina afika mkucha. Castigo anayang'ana kuphiri. Mtambo wakuda unali ukutsika. Anayang'ana pansi. Pamatope panali njira yooneka bwino: chidindo cha phazi limodzi lamanja, ndi timaenje tiwiri ta ndodo m'mbali mwake, kenako phazi, kenako timaenje, mpaka kukafika padzenje. Pamene Anselmo anaponda n'kukhala moyo, panalibe bomba. Koma mvula ikagwa, njirayo ifufutika.

Anavula nsapato zake zachikopa za ku Joni, anavula masokosi, napinda buluku.

"Iwe Castigo," anatero Laurentina. Sakanatha kumuuza kuti apite, sakanathanso kumuuza kuti asapite.

Anadumpha mwala wofiira naika phazi lake m'phazi la mlamu wake. Matope anali ozizira. Limodzi. Anaika linalo m'chidindo chotsatira, ngati munthu woyenda pachingwe. Awiri. Zidindo zonse zinali za phazi lamanja, ndipo lake lamanzere linkakhalamo mokhota, chala chachikulu chikufuna kutulukira kunja. Ankachipinda.

"Bwererani, alamu," anaitana Anselmo. "Laurentina asalire anthu awiri."

"Khalani chete, mundisokoneza kuwerenga."

Anawerenga mapazi makumi asanu ndi awiri kudza anayi. Atafika anapeza manja a Anselmo ali matope mpaka m'zigongono. Anali atafukula m'dzenje monse. Pamiyendo pake panali chidutswa cha nkhwaira ya tayala, lamba mmodzi akulendewera.

"Palibe, alamu," anatero. "Kaya ndi afisi, kaya ndi nyerere. Nkhwaira yokha." Anakweza maso, ofiira ngati a munthu wosuta chamba. "Nanga ngati kulibe, chikupsachi n'chiyani?"

Castigo ananjuta pazidindo ziwiri zomaliza. Munthu amene ankatha kulankhula kuchokera ku Tete mpaka ku Beira osameza malovu anasowa poyambira.

"Mankhwala amene adona aja analemba sindinakupatseni. Ndinawabisa. Ndinamva kuti ndi a amisala, ndinachita manyazi. Aja ofiira ndinagula ndekha. Enieniwo ali m'thumba muno."

Dontho loyamba linagwa pa nkhwaira ija.

"Tembenukani," anatero Anselmo.

Castigo anatembenuka pang'onopang'ono, phazi lililonse m'malo mwake. Anselmo anaika nkhwaira m'malaya, nakoleka manja m'khosi mwa mlamu wake. Castigo anadzuka, ndipo chimene chinamupweteka si kulemera. Kunali kupepuka. Munthu amene kale ankanyamula matumba awiri a chimanga anali ngati thumba la madeya. Nthiti zake zinkamveka pamsana, chitsa chija chikugunda m'chiuno.

Anayamba kubwerera. Mvula inayamba kuwaza, zidindo n'kumadzaza madzi, m'mphepete mwake mukusungunuka. Pa phazi la makumi anayi ndi limodzi anaima. Kutsogolo kunali matope osalala okhaokha. Mwendo wake unali m'mwamba.

"Sindikuchiona."

"Kumanzere pang'ono," ananong'ona Anselmo pakhutu pake. "Mukuona kaenje ka ndodo pafupi ndi chitsa cha nandolo? Kenanso ako. Pondani pakati pake. Ndinaponda pamenepo."

Anaponda. Nthaka inakhala chete.

Atadumpha mwala wofiira sanamutsitse. Anapitirira naye mpaka kumsewu, mvula ikuwakhuthukira, anthu akutsatira m'mbuyo, mpaka mawondo anakana okha. Pomwepo, atakhala m'matope, anatulutsa kathumba kaja napatsa mlongo wake, namuuza zonse.

Laurentina sanakuwe. Anakapukuta kathumbako ndi nsonga ya chitenje, nakamanga pamfundo.

"Ukanamupha ndi ulemu wakowo," anatero. Ndipo kuyambira pamenepo sanamulankhulenso.

Castigo sanapite paulendo mwezi umenewo. Makamyao anapita ndi anthu ena. Ankabwera m'mawa uliwonse n'kukhala patsinde pa mango, wopanda thumba, wopanda nkhani. Mlungu woyamba Anselmo ankangosinza ndi kupempha madzi, lilime litauma ngati chikopa. Phazi linkayakabe. Castigo anamufotokozera za kansela ndi alonda, akujambula pansi ndi kamtengo monga anachitira Dona Zulmira.

"Alonda anuwo akubwera wapansi?" anafunsa Anselmo.

"Akuti milungu iwiri kapena itatu."

"Ndiye ndi a boma."

Mlungu wachiwiri, Laurentina anauza mayi woyandikana naye nyumba, mokweza kuti Castigo amve, kuti bambo a Mariana agona mpaka tambala. Mlungu wachitatu Castigo anapita nawo ku Moatize. Dona Zulmira anafunsa mafunso ake, anawonjezera mlingo pang'ono, ndipo Castigo anakhala pakona chipewa chili m'manja, osatchula Joni.

M'mawa wina chimanga chitafika m'mawondo, anapeza Anselmo atakhala pampando wake, akuyang'ana malo opanda kanthu pansi pa bondo.

"Zala zawongoka," anatero.

"Moto watha?"

"Sunathe. Uli ngati makala okwiririka ndi phulusa. Ukapondapo umadziwa kuti alipo, koma munthu ungathe kukhala nawo m'nyumba." Anapuma. "Dzulo ndinaliitana. Ndinati ndigwedeze chala chachikulu. Ndinachimva kutali, ngati munthu akukuyankha ali kutsidya kwa mtsinje."

Castigo anayembekeza kuti mlamu wake aseka. Koma Anselmo anaphimba nkhope ndi manja, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Sanalire tsiku la bomba, sanalire kuchipatala, sanalire chaka chonse cha moto. Analira tsiku limenelo.

"Pamene linkapsa ndinkadziwa kuti lilipo," anatero atatha. "Tsopano likupita, alamu. Munda wa bambo wapita, njinga yapita. Ili linali lomaliza kutsanzika."

Anatuma Laurentina kukatenga nkhwaira ija. Castigo anakumba kadzenje patsinde pa mango, mbali imene dzuwa silifika, ndipo Anselmo anawongola lamba uja ndi zala zake, anaiika bwinobwino, naikwirira ndi manja. Panalibe nyimbo. Laurentina anathirapo madzi a m'chikho kuti dothi ligwirane, nabwerera kukhonde osayang'ana mlongo wake.

Amuna awiriwo anatsala okha patsinde pa mango. Kumsewu waukulu kunkamveka malole akutsika magiya poyandikira kansela.

"Ndinawerengera," anatero Castigo potsiriza. "Mapazi aja safika ngakhale theka la theka la kilomita. Pa khumi ndi imodzi paja sindinachotsepo kanthu. Ndawonjezerapo milungu isanu."

"Milungu isanuyo mukambirane ndi mlongo wanu. Ndi iye amene ankakhala maso. Idzatenga nthawi kuposa mankhwala." Anselmo anasisita chitsa chake pang'onopang'ono. "Koma zinazo mumawerenga ngati woyendetsa galimoto. M'tchire muja imfa inali kumbuyo kwathu, ine ndinkaithawa, ndipo inu munali panjira yanga. M'munda muja inali pansi pa phazi lililonse, ndipo inu munavula nsapato n'kuilowera."

"Alamu..."

"Ndinakuuzani kuti msana salipira ndi malata. Msana walipira msana. Anali angati, mwati?"

"Makumi asanu ndi awiri kudza anayi."

"Makumi asanu ndi awiri kudza anayi," anabwereza Anselmo. "Ndalandira. Ngongole yatha."